Hip ya nsimbi nayo ili na mileage: mwamene imayambila kugwedela

Mwaonapo ma post aja pa Facebook. Chithunzi cha mtsikana ali pa ndodo, pansi pake nambala ya mobile money, na mau akuti thandizani mlongo wathu apite ku India akamuike hip yatsopano. Anthu amasonkha zoona. Ba ku tchalitchi akonza braai, ma cousin agulitsa ma T-shirt, ankolo a ku UK atumako kangachepe. Pakapita miyezi ingapo mubwela kuona ka video: mtsikana uja ayenda yekha, ndodo kulibe, ma comment ali mbwee kuyamika Mulungu.

Nkhani imathela pamenepo pa foni, koma m'thupi ikali kupitiliza. Hip ya nsimbi ni spare part, ndipo aliyense amene anakwelako Hiace ya ku Chawama adziwa kuti spare part imakutha. Pakapita zaka, nsimbi ija imene inagwila nga nga nga m'fupa ingayambe kugwedela. Madokota a mafupa amachula vutoli kuti loosening, ndipo ni chimodzi mwa zifukwa zikulu zimene anthu amabwelela pa tebulo la opaleshoni kachiwili. Ngati imwe, kapena wina wa pa nyumba panu, ali na hip yoikilila, kapena muli pa mzele woyembekeza, iyi ni yanu.

Zili mkati ni zotani?

Hip yobadwa nayo ili monga ball joint ya motoka. Kumutu kwa fupa la ntchafu kuli kampila, ndipo kampilako kamazungulila m'kambale ka fupa la chiuno. Kampila kakaonongeka, ba dokota amakadula na kukachotsa. M'malo mwake amalowetsa nsimbi yaitali mkati mwa fupa la ntchafu, imene amaicha stem. Pamwamba pa stem amaikapo kampila ka nsimbi kapena ka ceramic. Ku chiuno amaika kambale katsopano, cup, ndipo kambili mkati mwake mumakhala pulasitiki yolimba yochedwa polyethylene.

Kugwilitsa zonsezi ku fupa kuli na njila ziwili. Ina ni ya simenti. Osaganiza za Dangote iyai, iyi ni simenti ya mafupa, mtundu wa pulasitiki imene imauma m'mphindi zochepa na kutseka mpata wonse pakati pa nsimbi na fupa. Njila ina ilibe simenti: nsimbi imakhala yokhakhala kunja, ba dokota amaikhomela mothina, ndiye fupa lanu limamela pang'ono pang'ono na kuigwila lokha. Njila zonse ziwili zimasewenza bwino. Zonse ziwili zingagwedele.

Munthu amene anayambitsa hip ya masiku ano ni dokota wa ku England, John Charnley, pa chipatala cha Wrightington. Poyamba anali kusewenzetsa Teflon, ija yamene ili pa ma pan osamatilila mazila. Odwala anali kusangalala chaka choyamba, koma Teflon inali kutha msanga, thupi linali kukwiya na zinyenyeswa zake, ndipo ba Charnley anachita kubwelela kuchotsa ma hip mahandiledi amene anaika okha. Mu 1962 anasintha, anayamba polyethylene, ndipo zinthu zinayenda. Mdala uyu anali wosatopa: anali kupempha odwala ake kuti akadzamwalila, amulole kutenganso hip ija akaone mwamene inathela. Chinanso chofunika kwa imwe achinyamata, poyamba opaleshoniyi anali kuisungila makamaka okalamba, anthu amene sayendanso maningi. Anadziwa kuti mwendo wa wachinyamata udzaidya msanga.

Fumbi limene simungaone

Apa ndiye pali mutu wa nkhani, so khalani bwino.

Sitepe iliyonse imene muponda, kampila kamakhuzana na pulasitiki. Munthu woyenda bwino amaponda masitepe opitilila miliyoni pa chaka. Kukhuzana kumeneku kumatulutsa fumbi la pulasitiki, tuzinyenyeswa tung'ono kwambili twamene maso sangaone. Fumbili lilibe kothawila. Limakhala mkati momwemo, na kulowelela m'timipata pakati pa nsimbi na fupa.

Manje asilikali a m'thupi, aja amene nchito yao ni kumeza tuzilombo, akapeza fumbili amaganiza kuti mdani walowa. Amalimeza. Koma pulasitiki sigayika. Asilikali amakwiya, amaitana anzao, malo onse amakhala pa nkhondo yosatha. Fupa la munthu wamoyo lili na magulu awili a nchito: ena amagumula fupa lakale, ena amamanga latsopano, ndipo pa thupi labwino magulu awa amalingana. Phokoso la asilikali aja limadzutsa gulu logumula, limayamba kusewenza usiku na usana, omanga osakwanitsa kulondola. Fupa lozungulila nsimbi limayamba kudyeka. Madokota amati osteolysis.

Ganizilani chiswe pa felemu ya chitseko. Kunja penti ili bwino, chitseko chitseguka na kutsekeka monga masiku onse. Mkati mwatsala mphako. Tsiku lina mungokankha pang'ono, mahinji azuka. Ni mwamene zimakhalila: fupa lingadyeke zaka zambili imwe osamvako kuwawa kulikonse. Pofika pomva kuwawa, kambili nsimbi yayamba kale kusuntha. Pa ine, ichi ndiye choopsa kupambana zonse m'nkhaniyi, chifukwa ife pa Zed timapita ku chipatala pokhapo zinthu zikafika pa mwana wakana phala.

Pali zinanso zothandizila kugwedela. Simenti ingang'ambike na ukalamba. Pa hip yopanda simenti, ngati fupa silinagwile bwino m'miyezi yoyamba, nsimbi imakhala ikusuntha pang'ono kuyambila pachiyambi. Ndiponso nsimbi imalanda fupa nchito yonyamula thupi, ndipo fupa losanyamula kanthu limaonda. Zakuti nsimbi yachita dzimbili chifukwa munasamba madzi a pa chitsime, izo ni za pa bar chabe. Titanium na nsimbi zina zimene amasewenzetsa sizili monga misomali ya pa hardware.

Zaka zingati?

Funso limene aliyense amafunsa. Mu 2019 magazini ya madokota ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa akatswili a ku Bristol amene anasonkhanitsa malekodi a odwala ambilimbili. Anapeza kuti pa ma hip 100, pafupifupi 89 anali akali m'malo patapita zaka 15, pafupifupi 70 patapita zaka 20, ndipo pafupifupi 58 patapita zaka 25. Kwa ambuya a zaka 72, manambala awa ni uthenga wabwino: mwina hip idzawapelekeza mpaka kumapeto. Kafukufuku wina wa ku UK wa mu 2017 anaonetsa kuti woikidwa hip atapitilila zaka 70 ali na mwai waung'ono wobwelelanso ku opaleshoni, pafupifupi 5 pa 100. Koma kwa mwamuna woikidwa atangopitilila zaka 50, ni pafupifupi mmodzi pa atatu alionse.

Manje ikani pamenepo munthu wa zaka 25. Ngakhale hip yake ikhale zaka 25 zathunthu, adzakhala na zaka 50 chabe, ana ali ku sekondale, lendi ikali kufunika. Masamu ake ni osavuta: wachinyamata woikidwa hip ayenela kuyembekezela kuti opaleshoni yachiwili ingabwele.

Osataya mtima, chifukwa manambala a zaka 25 aja achokela ku ma hip amene anaikidwa kale, na pulasitiki yakale. Kuyambila kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwela polyethylene yolimbitsidwa, imene amaicha highly cross-linked, ndipo imatulutsa fumbi lochepa kwambili. Ma hip a masiku ano aoneka kuti adzakhalitsa kupambana akale. Ndiye chifukwa chake ni bwino kufunsa ba dokota mtundu wa pulasitiki imene afuna kukuikani.

Nanga n'chifukwa chiyani wachinyamata wa m'komboni angafunike hip yatsopano? Ku maiko a azungu, ambili ni okalamba amene mfundo zinatha. Kuno tili na nkhani zathu. Yoyamba ni sickle cell: magazi akatsekeka m'timitsempha topita ku kampila kaja, fupa limafa na kuphwanyika, ndipo izi zimachitika munthu akali wachichepele. Madokota amati avascular necrosis, AVN mwachidule. Ngozi za pa mseu, za mabasi na njinga zamoto, nazonso zimathyola hip. AVN imapezekanso kwambili kwa anthu amene ali na HIV, koma chonde, ichi si chifukwa cholekela ma ARV. Kumwa mowa maningi kwa zaka zambili kumapha fupa lomweli, so ba kachasu na ba junta mumve. Ndiye pali mapilisi a steroid monga dexamethasone na prednisolone. Akalembedwa na dokota ali na nchito yake, koma pali ena amene amawamwa okha kuti anenepe, ati afuna shepu. Kufuna ma hips, n'kupha hip. Zomvetsa chisoni mwandi.

A sickle cell ali na katundu wowilikiza. Fupa lao kambili limakhala louma mkati pena lofewa pena, nsimbi imavuta kukhazikika, ndipo matenda amawagwila msanga. Ngati ni imwe, kupimitsa kwanu kuyenela kukhala kwa pafupipafupi kupambana ena onse.

Wina adzati, nanga uja wa tennis? Zoona, Andy Murray anachitidwa opaleshoni ya hip mu January 2019 ali na zaka 31, mu October chaka chomwecho anawina mpikisano ku Antwerp, ndipo anasewela mpaka ma Olympics a ku Paris mu 2024. Koma yake ni ya mtundu wina, resurfacing, pamene kampila sakadula konse koma amakaveka chisote cha nsimbi. Ndipo mwamuna uja anali na madokota na ma physio omuyang'ana tsiku na tsiku. Imwe muli na ndani pa ground ya ku Matero pa Sondo masana?

Thupi likayamba kukamba

Hip yogwedela ili na kakambidwe kake. Chizindikilo chodziwika maningi ni kuwawa poyamba kuyenda. Mwakhala m'basi kuchoka ku Kulima Tower mpaka ku Chelstone, pofuna kutsika masitepe oyamba akubaya, koma mukayendako pang'ono kuwawa kuchepa. Chimachitika n'chakuti nsimbi imasuntha mukaiponda koyamba, kenako imakhazikika. Anthu ambili amanyalanyaza chifukwa ati kumasila kokha.

Malo owawa nawonso amauza kanthu. Kuwawa kutsogolo, pamene ntchafu ikumanila na mimba, kapena m'thako, kambili kumaloza ku cup. Kuwawa m'ntchafu, pena kutsikila mpaka ku bondo, kumaloza ku stem. Ena amayamba kutsimphina pamene anali ataleka. Ena amaona kuti mwendo wafupika, thalauzi ikukwekwela mbali imodzi, chifukwa stem ikumila m'fupa. Ena amamva monga mwendo ufuna kuwagwetsa, kapena hip imayamba kuguluka pafupipafupi. Lamulo losavuta ni ili: hip imene inali zii kwa zaka, ikayamba kuwawa milungu ingapo osaleka, ifunika X-ray.

Pa X-ray ba dokota amafuna kamzele kakuda pakati pa nsimbi na fupa, mphako m'fupa, kapena nsimbi imene yasintha malo. Kuti aone kusintha, afunika chithunzi chakale choyelekezela. So ma X-ray aja amene munaika pansi pa matilesi, kapena amene ana anasandutsa choseweletsa, ni chuma.

Chimene ambili timachita ni kuthamangila pa kantemba kapena pa chemist kukagula diclofenac na brufen. Kuwawa kumagona, fupa likupitiliza kudyeka, ndipo kumwa mapilisi awa miyezi yambili kumaononga impso na m'mimba. Kwa wa sickle cell, amene impso zake zili kale pa chiopsezo, ni kuonjeza mafuta pa moto.

Ngati mwagwa ndipo simungathe kuimilila, kapena mwendo wapotoka mwadzidzidzi, iyo siyembekeza Mande. Fupa lodyeka limathyoka mosavuta mozungulila nsimbi.

Pali kugwedela kwina kobwela na tuzilombo, ndipo uku ndiye kovuta kupambana. Tuzilombo tukafika pa nsimbi tumamanga kansalu kotelela kamene mankhwala amalephela kuboola. Tungalowe pa nthawi ya opaleshoni na kukhala phee, kapena kubwela na magazi patapita zaka kuchokela ku dzino lowola, chithupsa, chilonda cha pa mwendo kapena matenda a m'chikhodzodzo. Kuwawa kwake sikusankha: kumabwela ngakhale mwagona usiku. Pena thupi limatentha, pena chipsela chimatupa kapena kutulutsa madzi. Ba dokota amapima magazi, CRP na ESR, ndipo pena amakoka madzi a m'hip na nyeleti kuti adziwe mtundu wa kachilombo. Mukayamba mwamwa ma capsule ogula mwekha, mumasokoneza mayeso amenewa. Ndipo imwe amene achibale akuuzani kuti mwendo uwu ni wa anthu, tiyeni kwa ng'anga: kutema mphini pa ntchafu imene mkati muli nsimbi ni kutsegulila tuzilombo chitseko. Kupemphela pemphelani, koma na X-ray m'manja.

Opaleshoni yachiwili

Dzina lake ni revision, ndipo si kungomasula bauti na kumanga ina. Ba dokota ayenela kuchotsa nsimbi yakale na simenti yonse popanda kuswa fupa lotsala, pena mpaka kung'amba fupa la ntchafu m'litali na kulimanganso na mawaya. Pamene fupa linadyeka amadzazapo fupa lina kapena zidutswa za nsimbi, ndiye amaika stem yaitali kupambana yoyamba. Imatenga maola ambili, magazi amatayika ambili, kuchila kumachedwa, ndipo mtengo umakwela chifukwa zipangizo zake ni zapadela. Ngati muli tuzilombo, kambili amachita kawili: kuchotsa zonse, kuika simenti ya mankhwala, milungu ingapo ya ma antibiotic, kenako kubwelanso kudzaika hip yatsopano. Hip yachiwili nayonso kambili sikhalitsa monga yoyamba.

Kusiyana kwa wobwela msanga na wochedwa n'kwakukulu. Ngati pulasitiki chabe ndiyo yatha koma nsimbi ikali yogwila, pena amangosintha pulasitiki na kampila, nchito yaing'ono. Wochedwa zaka zitatu akumwa brufen amafika fupa litatsala monga chikamba cha dzila.

Madokota a mafupa tili nao: ku UTH, ku Levy, ku chipatala cha mafupa chija ambili amachidziwa kuti Italian Hospital ku Longacres, ku Ndola na ku Kitwe. Ngakhale opaleshoni munachitila ku India kapena ku South Africa, pezani dokota wa kuno amene adzakuonani chaka na chaka kapena mwamene iye adzakuuzilani. Ngati mumadulidwa ya NHIMA pa malipilo, pitani mukafunse manje, mukali bwino, kuti amalipilako chiyani pa nkhani ya ma implant.

Ndipo mapepala, imwe! Mu August 2010 kampani ya DePuy, ya pansi pa Johnson & Johnson, inachotsa pa msika hip yake yochedwa ASR, ya nsimbi yokhuzana na nsimbi, chifukwa inali kulephela msanga na kutulutsa fumbi la cobalt na chromium m'thupi. Anthu pafupifupi 93,000 pa dziko lonse anali ataikidwa kale. Ku India okha anali pafupifupi 4,700, ndipo ambili a iwo anavuta kupezeka chifukwa kunalibe kaundula wabwino. Tangoganizani, hip yanu ili pa nyuzi koma imwe simudziwa kuti ni yanu. Chipangizo chilichonse chimabwela na sitika ya dzina la kampani, saizi na nambala. Pemphani kope ya masitika amenewo na lipoti ya opaleshoni musanatuluke m'chipatala. Dokota wodzachita revision afunika kudziwa chili mkati kuti aitanitse zida zoyenela, apo ayi adzachita kulota.

Nchito, dansi na kulemela

Poyenda chabe, hip imanyamula mphamvu yoposa kulemela kwa thupi lanu kawili na theka. Munthu wa makilo 70, ni pafupifupi makilo 175 pa sitepe iliyonse. Pothamanga na podumpha imakwela kupitilila apo. Manje onjezani thumba la simenti la makilo 50 pa phewa, kapena chigubu cha malita 20 pa mutu katatu pa tsiku. Ba Zamcab a pa Soweto, ma bricklayer, ma conductor odumpha basi isanaime, nchito zanu zimadya mileage msanga. Kuuza munthu kuti leka nchito n'kosavuta pa pepala, nsima sidikila. Koma ngati pali mpata wosintha, kuchoka ponyamula kupita pogulitsa, kapena kugawa katundu pawili, zaka zimene mupulumutsa ni zanu. Kilo iliyonse imene mwachotsa pa thupi, hip imamva kupepukidwa kawili na theka. Fodya nayenso ni mdani: amachedwetsa fupa kugwila nsimbi na chilonda kupola.

Kungokhala pansi poopa nakonso ni kulakwa. Minofu ikafooka mumagwa msanga, ndipo fupa losasewenza limaonda. Kuyenda, kupalasa njinga na kusambila ni zabwino. Kuvina pa ukwati kapena pa kitchen party, vinani, hip anakuikilani kuti mukhale na moyo. Koma kuja kotsika mpaka pansi ba matron akuombela m'manja, funsani dokota wanu poyamba, chifukwa kunjuta kwambili kungagulule kampila. Chimodzimodzi chimbudzi chokumba: kampando kobowola pakati kamathandiza. Za m'chipinda, musachite manyazi kufunsa ba physio, anamvapo kale zonse.

Kwa imwe amene mukali kutsimphina na AVN ndipo mwayamba kuopa opaleshoni chifukwa cha zimene mwawelenga apa, musathawe. Hip replacement ni imodzi mwa maopaleshoni amene amayenda bwino kwambili pa dziko lonse, ndipo zaka 15 kapena 20 zopanda kuwawa pa msinkhu wofuna nchito na banja si zochepa. Chofunika ni kulowa maso ali otseguka. Funsani ba dokota kuti amachita maopaleshoni otele angati pa chaka, adzaika simenti kapena iyai ndipo chifukwa chiyani, kampila ni ka chiyani, ndipo ikadzagwedela, zipangizo zosinthila zimapezeka kuno kapena mpaka kukwela ndeke.

Ba komiti yosonkha ndalama za ku India, pa bajeti yanu ya tikiti, visa na malo ogona, onjezani mzele wina: X-ray na dokota wa kuno kwa zaka zikubwelazi. Wodwala akatsika pa Kenneth Kaunda International Airport, musanayambe kujambula video, mufunseni ngati wabwela na masitika. Ngati ali nao, ajambuleni pa foni na kutumila anthu awili a pa banja, chifukwa mafoni amabedwa ndipo mapepala amanyowa na mvula ya ku Kanyama.